Kanyumba ka pa Galimoto ndi Mdani Wace, Madzi

Ana inu amene mumakhala m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, kapena inu a ku Mfuwe, mwina munaonapo galimoto ya alendo itabereka kanyumba kumsana monga momwe nkhono imanyamulira cigoba cace. Kanyumbako kali ndi citseko kumbuyo, timazenera m'mbali, ndi mphumi yotulukira kutsogolo pamwamba pa mutu wa woyendetsa. Alendo otere amakhala akupita kukaona nyama ku Luangwa, ndipo dzuwa likawalowera pa njira safuna nyumba ya alendo, pakuti bedi, pophikira ndi madzi ali nazo pomwepo. Ambiri a ife timaima ndi kusirira. Koma mutafunsa mwini wace cimene cimamsowetsa tulo, sadzachula mkango kapena njobvu ai. Adzachula mvula.

M'phunziro lino tifuna kuona cifukwa cace tinyumba timeneti timadontha kawirikawiri, ngakhale tina tikali tatsopano, ndiponso cimene cimasiyanitsa kanyumba komangidwa bwino ndi kanyumba kongokongoletsedwa. Nkhaniyi kwao ndi ku United States ndi ku Canada, kumene tinyumbati timapangidwa tambiri, ndipo tidzakhalitsa kumeneko. Komabe madzi a ku America ndi madzi omwewa amene amagwa pa denga la kalasi lanu, ndipo makhalidwe ao ndi amodzi.

A kumeneko amakacha truck camper. Si galimoto, pakuti kalibe injini kapena mawilo. Si ngolo yokokedwanso ai. Ndi bokosi lokhalamo anthu limene limalowetsedwa kumbuyo kwa vaneti, pamene pamakhala katundu, ndi kumangidwa ndi zomangira zacitsulo m'ngodya zinai. Ulendo ukatha, mwini wace amatsitsa miyendo inai ya kanyumbako, imene ndi majeke, kanyumba nkuima pakokha, vaneti nkutuluka pansi pace kupita ku nchito zina. Amisiri anayamba kupanga tinyumba totere togulitsa m'zaka za m'ma 1940, Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itatha. Mu 1960 mlembi wochuka, John Steinbeck, anatenga vaneti ya mtundu wa GMC yokhala ndi kanyumba kotere, naipatsa dzina lakuti Rocinante, nazungulira nayo dziko la United States makilomita pafupifupi 16,000 ali ndi galu wace Charley. Buku la ulendowo, Travels with Charley, linatuluka mu 1962, ndipo galimotoyo ikusungidwa ku National Steinbeck Center mu mzinda wa Salinas ku California.

Nyumba imene siikhala pansi

Mmisiri womanga nyumba ya njerwa ali ndi mwai waukulu umene nthawi zambiri sauzindikira: nyumba yace siyenda. Akhoza kukuza cipupa monga afunira, pakuti nthaka siidandaula kulemera. Mnzace womanga kanyumba ka pa galimoto alibe mwai umenewo. Vaneti iriyonse iri ndi malire a katundu amene ingasenze, ndipo kilogaramu iriyonse imene yapita ku cipupa yacepetsa madzi, cakudya ndi anthu amene akanakwera. Tinyumba tating'ono timalemera makilogaramu ngati 500, pamene tatikulu timaposa 2,000. Cotero zipupa zimakhala zopyapyala, masentimita 3 kapena 5 cabe, ndipo matabwa a m'kati mwace ambiri saposa zala ziwiri kunenepa.

Tsono nyumba yopyapyala coteroyo ayiike pa mseu. Wilo limodzi likagwa m'dzenje, thupi lonse la vaneti limapotoka pang'ono, ndipo kanyumba kamene kamangidwa m'ngodya zinai kamapotoka nalo limodzi. Pa mseu wa mabampu kamanjenjemera maola ndi maola. Nyumba yathu ya kumudzi ikhoza kukalamba osaonapo cibvomezi ndi kamodzi komwe, koma kanyumba aka kamakumana ndi cibvomezi tsiku liri lonse la ulendo. Mfundo iriyonse, ndiko kuti paliponse pamene zinthu ziwiri zalumikizana, imakokedwa ndi kukankhidwa kosaleka. Gwiritsani mau amenewa, mfundo, pakuti nkhani yathu yonse yagona pamenepo.

Mamangidwe akale, amene akalipobe mpaka lero, ndi a mafupa a matabwa okutidwa ndi malata opyapyala a aluminiyamu, citsulo copepuka cija ca mapoto. Pakati pa cipupa amaikapo zinthu zonga thonje zochinga kutentha ndi kuzizira. Kanyumba kotere nkochipa, ndipo kalipentala aliyense akhoza kukakonza. Koma kali ndi mfundo zambiri, ndipo madzi akalowa, thonje lija limawasunga monga cinkhupule, matabwa nkumakhala m'cinyontho miyezi yathunthu.

Mamangidwe ena amene afala tsopano ndi omata. Amatenga cikopa cosalala ca fibreglass, cimene ndi ulusi wa galasi wosakaniza ndi utomoni wouma monga wa maboti ena a asodzi. Pansi pace amaika pulaiwudi yopyapyala, kenaka thobvu louma loyera longa lija lokutira wailesi yatsopano m'katoni, ndi mafupa a aluminiyamu. Zonsezi amazipaka guluu ndi kuzipanikiza mpaka zikhale cipupa cimodzi colimba ndi copepuka. Pa maso ncokongola kopambana. Bvuto lace liri m'pulaiwudi muja, imene kawirikawiri imacokera ku mitengo ya ku Asia yochedwa lauan. Madzi akaipeza m'mphepete imafufuma, guluu nkulekerera, cikopa ca kunja nkuyamba kutupa matuza monga khungu la munthu wopsa ndi moto. Cipupa cotere kucikonza nkobvuta ndi kodula, cifukwa mphamvu yace yonse inali m'kumatana kuja. Pa cifukwa ici makampani ena anasiya pulaiwudi nayamba kugwiritsa nchito cinthu cosamwa madzi cochedwa Azdel.

Pali amisiri ena, monga a Northern Lite ku Kelowna ndi a Bigfoot ku Armstrong, konseko m'cigawo ca British Columbia ku Canada, amene amaumba kanyumba m'cikombole monga boti. Amaumba zigamba ziwiri zokha, ca pansi ndi ca pamwamba, ndipo ca pamwamba cimabvundikira cinzace monga cibvundikiro ca poto. Denga ndi zipupa sizilumikizidwa pa ngodya, motero mfundo zazitali zija palibe. Koma nawonso ayenera kuboola mazenera, ndipo bowo ndi bowo basi.

Pamene madzi amalowera

Nayi mfundo yaikulu ya phunziro lathu: madzi salowa pakati pa lata kapena pakati pa cikopa ca fibreglass. Amalowa pamene munthu anadula, anaboola kapena analumikiza. Tiyeni tikwere pa denga tiwerenge. Pali kazenera kotulutsa mpweya pamwamba pa bedi, kena pamwamba pa cimbudzi, bowo la mpweya wa firiji, bowo la paipi ya thanki ya madzi akuda, bowo lalikulu la makina oziziritsa m'nyumba, bowo la nthambo za magetsi a dzuwa, ndi miyendo ya makwerero. Ciriconse ca izi cagwidwa ndi masikuruu, misomali yopota ija, ndipo sikuruu iriyonse ndi bowo linanso. Tikatsika m'mbali tipeza mazenera, citseko, timakomo ta mosungira katundu, ndi timagetsi tating'ono ta pa mphumi. Mabowo onse pamodzi ndi mazana angapo, pa nyumba yocepa kuposa khicini ya amai anu.

Mabowo onsewa amatsekedwa ndi zomatira za mitundu iwiri. Pansi pa felemu ya zenera amaika lamba wofewa womata ngati ulimbo, wochedwa butyl, amene amafinyika masikuruu akamangidwa. Pamwamba amathira cinthu ca madzimadzi cimene cimauma nkukhala ngati mpira. Ife pano tidzacicha phula, ngakhale si phula la njuci kapena la pa mseu.

Kodi phulalo likulimbana ndi madzi oculuka bwanji? Tiwerenge. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, imapereka lita 1 ya madzi. Denga la kanyumba kakakulu likhoza kukhala mamita 5 m'litali ndi mamita 2.4 m'lifupi, ndiwo masikweya mita 12. Mvula ya usiku umodzi ya mamilimita 20 imathira pa dengalo malita 240, kuposa diramu yathunthu. Kanyumbako katakhala panja caka conse m'dera longa la Chipata, kumene mvula ya pa caka imafika mamilimita ngati 1,000, kangalandire malita 12,000, ndiwo madiramu 60 a malita 200. Pa malita 1,000 alionse patalowa lita 1 yokha, ndiye kuti m'zipupa mwalowa malita 12. Madzi amenewo ndi okwanira kuoletsa ngodya yonse.

Ndipo mdani uyu ali ndi abwenzi ambiri. Woyamba ndi dzuwa. Lata la aluminiyamu lotalika mamita 5, likacoka pa madigiri 10 a usiku kufika pa madigiri 50 a masana otentha, limatalika ndi mamilimita 4 kapena 5, pamene thabwa la utali womwewo silipitirira milimita 1. Usiku lata limabwerera. Phula limene liri pakati pa ziwirizi limakokedwa masana ndi kufinyidwa usiku, tsiku ndi tsiku, kwinaku kuwala kwa dzuwa kukuliumitsa monga kumaumitsira thayala lakale. Patapita zaka zowerengeka limang'aluka timing'alu tonga tsitsi.

Mwina munganene kuti, “Mng'alu wonga tsitsi ungalowetse ciani?” Kumbukirani cingwe ca nyale. Palafini ali pansi, koma amakwera yekha m'cingwe kufika pa moto. Madzi nawonso amakonda mipata yopapatiza, ndipo mpata ukacepa ndi pamene amakokedwa kwambiri, ngakhale cokwera. Mng'alu waung'ono suchinga madzi, umawayamwa.

Bwenzi lina ndi mphepo. Nyumba yoima imalandira mvula kucokera kumwamba, koma galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imalandira mvula kumaso. Mphepo ya liwiro lotere iri ndi mphamvu yokankha madzi kukwera masentimita 4 kapena 5 m'mpata, motero mfundo imene siidontha galimoto itaima ikhoza kudontha pa mseu. Ici ndico cifukwa cace mphumi ija yotulukira kutsogolo, mmene muli bedi, ndiyo imayamba kuola m'tinyumba tambiri, makamaka ikakhala ndi zenera loyang'ana kutsogolo. Makampani ambiri analeka kuika zenera limenelo. Ku maiko ozizira kuli bwenzi linanso limene ife sitilidziwa kwenikweni, ndilo cisanu coumitsa madzi. Madzi akauma amakula ndi magawo 9 pa 100, motero kadontho kamene kanalowa m'mng'alu masana kamautanula usiku, mawa nkulowa madontho awiri.

Cimene madzi amacita mobisika

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Akapeza njira kamodzi, mvula iriyonse adzadzera pomwepo. Koma cobvuta ncakuti sagwera pansi pa bowo limene analowera. Amatsata thabwa, kapena nthambo ya magetsi, kapena paipi, nakatulukira mamita awiri kutali, mwinanso osatulukira konse. Mwini kanyumba akhoza kugona pouma zaka ziwiri pamene cipupa ca kumutu kwace cikuola.

Tinene bwino apa, pakuti ambiri amasokoneza: madzi paokha saoletsa thabwa. Coletsa ndi tizomera tosaoneka ndi maso ta mtundu wa bowa, timene timadya thabwa monga ife timadyera nsima. Mbeu zace ziri paliponse mu mpweya, koma sizingamere pa thabwa louma. Amisiri amadziwa kuti thabwa limene cinyontho cace ciri pansi pa magawo 20 pa 100 silingaole. Bwato limene lanyowa nkuumanso pa dzuwa limakhala zaka. Koma m'kati mwa cipupa mulibe dzuwa kapena mphepo. Cikopa cosalola madzi kulowa sicilolanso madzi kutuluka. Mmenemo ndi mofunda, monyowa ndi mwa mdima, ndipo bowa safuna zoposa pamenepo.

Kuola kumeneku si nkhani ya kukongola cabe. Majeke anai aja amangidwa ndi mabauti m'ngodya za kanyumba, ndipo mabautiwo nawonso ndi mabowo. Ngodya ikaola, jeke imakhala yagwira thabwa lofewa ngati mbatata yophika. Tsiku lina mwini wace akukweza kanyumba ka makilogaramu 1,500 kuti vaneti ilowe pansi, jeke ikhoza kuzuka, kanyumba nkugwera cammbali pamene munthu waima. Zomangira zogwira kanyumba ku vaneti nazonso zakoledwa m'matabwa a m'munsi, kumene madzi onse olowa amakathera. Ngakhale mafupa a aluminiyamu saola, pansi popondapo ndi m'malo mogwira masikuruu mumakhalabe matabwa m'tinyumba tambiri, ndipo sikuruu yacitsulo ikakhala m'aluminiyamu monyowa, zitsulo ziwirizo zimadyana. Palinso nkhungu yakuda yomera m'zipupa, imene imabvuta anthu a cifuwa ca mphumu.

Tisaiwale kuti si madzi onse ocokera kumwamba. Munthu mmodzi akagona usiku wonse amatulutsa, mu mpweya ndi m'thukuta, madzi okwana ngati kapu imodzi. Gasi wophikira wochedwa propane akapsa kilogaramu 1 amatulutsa nthunzi ya madzi yoposa lita 1 ndi theka. Banja la anthu anai likaphika ndi kugona litatseka mazenera onse usiku wozizira, nthunziyo imakhala mame pa magalasi, pa mafelemu acitsulo ndi pansi pa matiresi. M'mawa amayamba kufunafuna bowo pa denga, pamene bowo palibe. Mankhwala ace ndi kutsegula kazenera pang'ono, ngakhale kunja kukuzizira. Mapaipi a madzi akumwa nawonso amamasuka ndi kugwedezeka kwa pa mseu, kapena kuphulika ndi cisanu.

Mlandu ngwa yani?

Tsopano tafika pa funso limene limakanganitsa ogula ndi opanga. Tinyumba tambiri tatsopano timagulidwa madola oposa 30,000, ndipo kwa mabanja ambiri ndi ndalama zosungidwa zaka kapena za ngongole. Tsono kanyumba kotere kakadontha m'dzinja loyamba, wolakwa ndani?

Makampani ambiri amapereka cikalata colonjeza kukonza zolakwika kwa caka cimodzi, ena kupitirirapo. Koma m'cikalatamo amalemba kuti kusamala phula ndi udindo wa mwini kanyumba, amene ayenera kukwera pa denga miyezi ingapo iriyonse, ena amati itatu, kuona ming'alu ndi kuimata. Munthu akabwera ndi cipupa coola, yankho limakhala lakuti, “Simunasamale phula.” Iye amati, “Inu simunamange bwino.” Ndipo popeza umboni uli m'kati mwa cipupa, mlandu umabvuta kuweruza.

M'mbali zina opanga akunena zoona. Palibe phula losakalamba, ndipo munthu amene wasiya kanyumba pa dzuwa ndi pa mvula zaka zisanu osakwerapo pa denga asadandaule. Koma pamene amisiri okonza atsegula zipupa, amapezanso zinthu zimene dzuwa silingazicite. Amapeza sikuruu imene inaphonya thabwa nkungoboola cikopa, osagwira kanthu. Amapeza lamba womata amene anathera pa ngodya ya zenera, nkusiya mpata wolowa cala ca mwana. Amapeza phula lothiridwa pa fumbi, limene silinagwire ndi tsiku limodzi lomwe, ndi bowo lodulidwa mopitirira muyeso nkungodzazidwa ndi phula. Ciriconse ca izi ndi nchito ya mphindi ziwiri imene munthu wina anaidumpha, podziwa kuti felemu idzabisa.

Nanga amadumphiranji? Kawirikawiri ncifukwa ca liwiro. M'mafakitale ambiri opanga nyumba zoyenda, makamaka a m'dera la Elkhart ku Indiana kumene kumapangidwa zambiri, anchito amalipidwa monga mwa ciwerengero ca zimene atsiriza. Mu 2021, pamene matenda a COVID-19 anacititsa anthu ambiri kukonda maulendo a okha, mafakitale a makampani a ku North America anatumiza kwa ogulitsa nyumba zoyenda za mitundu yonse zoposa 600,000, ciwerengero cimene cinali cisanafikidwepo. Tinyumba ta pa vaneti tinali gawo laling'ono cabe la zimenezo, ndipo tambiri timapangidwa m'mafakitale ang'ono a kumadzulo, monga ku Oregon, Washington ndi California. Komabe madandaulo a ogula pa za mamangidwe anamveka kwambiri m'zaka zimenezo. Wogula akalowa m'kanyumba amaona makabati owala, nyale zokongola ndi makatani, ndipo izi ndizo zimagulitsa. Za lamba wa pansi pa zenera palibe amafunsa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa ine cinthu cacikulu siciri m'manja mwa wothira phula, koma m'mutu mwa amene anajambula kanyumbako. Taganizani za agogo anu pofolera nyumba ndi udzu. Amayambira m'munsi, ndipo mzere uliwonse wa udzu umabvundikira mzere wa pansi pace, mpaka kukafika pa nsonga. Denga amalipendeketsa kwambiri, ndipo amalitulutsa kunja kuti madzi agwere kutali ndi cipupa. Sagwiritsa nchito guluu kapena phula ndi pang'ono pomwe, komabe mvula ya mu Januwale siilowa. Wokhoma malata nayenso amasanjika lata la pamwamba pa la pansi, ndipo amakhoma msomali pa msana wa lata, osati m'ngalande modzera madzi. Anthu awa salimbana ndi madzi. Amawapatsa njira yopita. Kanyumba komangidwa bwino kamatsata nzeru yomweyi: denga lace ndi lotukuka pakati kuti madzi asaime, cikopa ca denga cimapindikira pansi kubvundikira cipupa, pamwamba pa citseko pali kangalande, ndipo mabowo ndi ocepa monga kungathekere. Phula limangothandiza. Koma kanyumba kamene denga lace ndi lathyathyathya, ndipo mfundo zace zayang'ana kumwamba zitangodalira phula lokha, kadzadontha ndithu. Cosadziwika ndi caka cace cabe. Pamenepo kuuza mwini wace kuti sanasamale ndi kumsenzetsa katundu wa eni.

Kufufuza ndi kukonza

Munthu wanzeru wofuna kugula kanyumba, makamaka kogwirapo kale nchito, amayamba ndi mphuno. Akatsegula citseko namva fungo la cinyontho, kapena fungo la mankhwala onunkhira oculuka mokaikitsa, amadziwa kuti pali nkhani. Kenaka amagwiritsa nchito cala. Amasindikiza zipupa m'ngodya, pansi pa mazenera, m'kati mwa makabati a pamwamba ndi pansi pa matiresi, kufuna pofewa. Amamasula sikuruu imodzi ya kunja: ikatuluka yowala, m'katimo ndi mouma, ikatuluka ya dzimbiri, kapena ikangozungulira osagwira, thabwa lapita. Amayang'ana cipupa ca kunja cammbali, dzuwa litapendeka, kuti aone matuza. Ena ali ndi kacipangizo ka m'manja koyeza cinyontho ca m'thabwa.

Pali njira ina yokondweretsa imene mwana aliyense wodziwa njinga adzaimvetsa msanga. Cubu cikaboka, mumacipopa ndi kucibviika m'beseni, ndipo pamene patuluka thobvu ndi pamene pali bowo. Kanyumba sangakabviike m'beseni, motero amatseka citseko ndi mazenera, nkupopera mpweya m'kati ndi makina, kenaka nkuwaza madzi a sopo kunja pa mfundo zonse. Paliponse pamene pafufuma thobvu la sopo, mpweya ukutuluka, ndipo potuluka mpweya ndi polowera madzi.

Pokonza, colakwa cofala ndico kuthira phula latsopano pamwamba pa lakale long'aluka ndi lakuda. Phula lomasuka liyenera kucotsedwa, malowo kutsukidwa ndi kuumitsidwa, ndipo zenera lodontha liyenera kuzulidwa lonse kuti liikidwe lamba watsopano. Amisiri amacenjezanso za silikoni wogulidwa m'sitolo wamba: sagwira bwino pa denga la mpira, ndipo pamene wapakidwa palibe comatira cina cimene cidzagwirapo, ngakhale silikoni mnzace. Koposa zonse, thabwa lonyowa liyenera kuuma lisanatsekeredwe, pakuti kumata kunja m'kati muli madzi ndiko kumangira bowa nyumba.

Kwa aphunzitsi

Phunziro ili likhoza kuyesedwa m'kalasi popanda kugula kanthu. Dzazani kapu ndi madzi, ikani kapu ina yopanda kanthu pambali pace, ndipo lumikizani ziwirizo ndi kansalu kopyapyala ka citenje cakale. Ana aone m'mawa ndi pomaweruka. Adzapeza kuti madzi akwera m'nsalu ndi kutsikira m'kapu inayo. Afunseni kuti anawakweza ndani.

Tenganinso katoni, muimate dothi lonyowa m'ngodya zace zonse ndi kuzungulira kazenera kamene mwadula, ndipo iume masiku awiri. Ana awiri aigwire uku ndi uku, aipotoze pang'onopang'ono kakhumi monga vaneti pa mseu woipa, anzao aone pamene ming'alu yayambira. A Giredi 6 ndi 7 ayeze utali ndi ufupi wa denga la kalasi, aike citini ca m'mbali moongoka pa bwalo usiku wa mvula, ayeze kuya kwa madzi ndi rula, ndi kuwerengera malita amene anagwa pa dengalo.

Mvula ikakata, tulukani nawo muzungulire sukulu. Aliyense apeze malo amodzi pamene madzi alowa kapena adetsa cipupa, ajambule m'kope lace, ndipo alembe pansi pace cimene ciri pamwamba pa malowo: msomali, polumikizana malata, felemu ya zenera kapena mng'alu. Mawa lace lembani mayankho onse pa bolodi, ana awerenge okha kuti ndi angati amene apeza madzi olowera pakati pa lata losabooka.